Aramagedo ya Pachigafa

Tsiku limenelo kunacha kopanda mame. Unali mwezi wa Januwale, nthawi imene udzu umanyowetsa buluku mpaka m'mawondo ukamapita kumunda, koma ine ndinayenda kuchokera pakhomo mpaka kudambo miyendo ili gwa. Ng'amba inali italowa sabata yachitatu. Chimanga cha anthu chinali chitapinda masamba ngati anyezi. Dzuwa litakwera pang'ono nyenje zinayamba kulira m'mitengo, kulira kosapumira kuja kolowa mpaka m'mano. Chigayo cha kutsidya chinkamveka patali, kenako chinazima. Kumadzulo, mbali ya ku Zambia, mabingu ankang'ung'udza monga ankachitira masana aliwonse: mitambo inkasonkhana, n'kuda bii, amayi n'kuthamangira kukaanula ufa, kenako mphepo n'kubwera kudzaimwaza. Limeneli ndi tsiku limene anthu a m'mudzi mwanga anamenya mkazi wanga.

Mudzi wathu uli kwa Zulu, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera pa Kamwendo. Ine ndinabadwira momwemo. Mkazi wanga anali wobwera. Makolo ake anachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Mkanda, ndipo iye anakulira pakati pa zigafa, m'manja muli phula la fodya kuyambira ali wamng'ono. Ndinamutenga chitengwa, tinakhala zaka 26, tinabereka ana aakazi awiri amene pa nthawiyo anali atakwatiwa kutali. Zaka zonsezo ankaphika kumaliro a m'mudzi, ankathandiza amayi pochira, ankaimba kumvano. Koma akachedwa kubwera kumjigo, anzake ankafunsabe kuti, “Mlomwe uja lero ali kuti?”

Ulimi wake unali wa ku esiteti. Kumeneko fodya sadikira mvula. Amawokera mu Novembala dothi lili louma, phando lililonse n'kuthiramo madzi a m'ndowa. Ifenso tinkatero. Tinkatunga kudambo kuyambira m'mamawa mpaka mapewa atatupa, anthu akutiseka kuti tikufuna kuthirira dziko lonse. Ndiye ng'amba itabwera, fodya wathu anali atazika kale mizu, ndipo masamba a m'munsi tinali titayamba kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Wodutsa pamsewu ankaona chigafa chodzaza pamene munda wake ukupsa. Sankaona kuti fodya wouma mothamanga satuluka mtundu wabwino, kapena kuti kuseri kwa nyumba chimanga chathu nachonso chinkafa.

Panalinso zinthu ziwiri zimene mkazi wanga anatengera kwa bambo ake, amene ankayeza mvula pa esiteti ija m'mawa uliwonse n'kukauza kapitawo. Choyamba chinali botolo lapulasitiki lodula pakhosi, khosilo atalizondotsera mkati, lomangirira pamtengo m'mphepete mwa munda. Mvula ikagwa ankapisamo kamtengo, n'kunena kuti lero tithire feteleza kapena tidikire. Chachiwiri chinali chingwe cha khonje chopachika pansanamira ya chigafa. Mkazi wanga sanapite kusukulu. Tsiku likadutsa lopanda mvula ankamanga mfundo imodzi, mvula ikagwa ankataya chingwecho n'kuyamba china. Ankachita zimenezi poyera, chaka ndi chaka, ndipo panalibe amene anafunsapo.

Mawu akuti Aramagedo analowa m'mudzi mwathu kuchokera pa Kamwendo. Pa tsiku la msika panali mlaliki wina wachilendo amene ankaima pafupi ndi siteji ya minibasi, chimkuzamawu kukamwa, thukuta lili kamukamu. Ankati dzuwali si dzuwa wamba, dziko latha, Aramagedo yafika pakhomo. Akabaza ankamuseka, koma mawuwo anawakonda. Tayala likaphulika, Aramagedo. Munthu akamenyana ndi mkazi wake, kunali Aramagedo. Pofika sabata yachiwiri ya ng'amba anthu anasiya kuwatchula moseka.

Madzulo ena mkazi wanga anandifunsa tikusoka fodya.

“Abambo, inu ndinu mkulu wa mpingo. Aramagedoyo kwenikweni n'chiyani? Ndi moto, kapena ndi chilombo?”

Ndinayamba kuyankha, koma ndinapeza kuti sindikudziwa. Ndinali nditawamva mawuwo kuyambira ndili mwana, ndinali nditawawerengapo pamaso pa anthu, koma kumene anachokera sindinafunsepo. Lamulungu lotsatira ndinafunsa aphunzitsi ena opuma ntchito a mumpingo mwathu, amene anaphunzirako za ubusa asanayambe uphunzitsi. Anandiuza kuti ndi mawu a Chiheberi, ndipo ndi awiri olumikiza: loyamba limatanthauza phiri, lachiwiri ndi Megido, dzina la mudzi. Anati mudziwo unali pachitunda, m'munsi mwake muli chigwa chachonde chimene anthu ankalimamo tirigu. Tsoka lake linali lakuti msewu waukulu wolumikiza maiko amphamvu unkadutsa pomwepo, ndiye mafumu akayambana ankakumana m'minda imeneyo. Nkhondo zinachitika kangapo pamalopo mpaka dzina lake linasanduka dzina la nkhondo yomaliza.

Nditamufotokozera, mkazi wanga anaseka mpaka kugwetsa singano.

“Ndiye kuti ndi mudzi chabe? Ngati Mkanda?”

“Ngati Mkanda.”

“Ndiye kuli anthu amene ukawafunsa kwanu n'kuti, amati kwathu ndi ku Aramagedo, mukafika mufunse pachigayo?”

Ndinamudzudzula pang'ono kuti zinthu zopatulika sasewera nazo, koma nanenso ndinaseka.

Masiku awiri zinthu zisanachitike, mlongo wanga wamkulu anabwera kunyumba. Nyumba yake inali kumtunda kwa yathu. Sanakhale pamkeka, anaima pakhomo la chigafa.

“Achimwene, botolo lija chotsani. Chingwenso mutenthe.”

“Chifukwa?”

“Anthu akulankhula. Akuti alamu amanga mvula kuti fodya wanu aume.”

Ndinamuuza kuti anthu akakhala ndi njala amalankhula zambiri, zidzatha zokha mvula ikagwa. Ndinakumbutsa mlongo wangayo kuti ambiri mwa olankhulawo timadya nawo mgonero. Mkazi wanga anamva zonse ali mkati.

“Alamu,” anatero, “ndikachotsa lero, mawa adzati wachotsa chifukwa wadziwa kuti tamugwira. Lilekeni likhale.”

Ndinagwirizana naye. Ndakhala ndikubwerera pa mphindi imeneyo kwa zaka zambiri. Ndikanatha kumukweza pa njinga tsiku lomwelo n'kukamusiya kwa alongo ake ku Mkanda mpaka mvula itagwa. Sindinatero, chifukwa sindinafune kuganizira anthu anga zoipa.

Tsikulo tinali m'chigafa awiriwiri, dzuwa litapendeka pang'ono. Mitambo inali itasonkhananso kumadzulo. Choyamba ndinamva wezulo, ngati wa mpira. Kenako agalu. Kenako phokoso la mapazi ambiri panthaka youma. Nditasuzumira ndinaona khwimbi la anthu likutsika ndi njira ya kumjigo, amuna kutsogolo, amayi m'mbuyo, ena ana ali kumsana. Panalibe nkhope yachilendo ngakhale imodzi. Wotsogolera anali mwana wa mlongo wanga yemwe uja, bambo wa ana atatu, wakabaza pa Kamwendo. Munda wake unali umodzi, wachimanga chokhachokha, pamtunda pouma msanga.

“Amalume, imani pambali,” anatero. “Inu tilibe nanu mawu.”

“Ngati muli ndi mawu ndi a m'nyumba mwanga, muli nawo ndi ine. Khalani pansi tikambirane.”

“Zokambirana zinatha. Ana athu adya zokambirana?”

Wina kumbuyo anakuwa kuti, “Lero ndi Aramagedo!” ndipo anthu anayankha ndi mfuu.

Anyamata awiri anathamangira kumunda n'kuzula mtengo wa botolo. Analinyamula m'mwamba ngati agwira njoka. Linali louma, munali kangaude wakufa basi. Mayi wina, amene mkazi wanga anamuthandiza pobadwa mwana wake woyamba, ndiye analoza chingwe pansanamira. Mwana wa mlongo wanga anachikoka n'kuyamba kuwerenga mfundo mokweza, anthu akumutsatira ngati ana a sukulu. Zinakwana 19. Kenako anafunsa kuti mvula yomaliza inagwa liti. Anthu anawerenga chobwerera ndi zala, kuyambira tsiku la maliro ena amene tonse tinanyowa pobwerera kumanda. Anapeza masiku 19.

Ndinayesa kufotokoza kuti n'zoona ziyenera kufanana, chifukwa mfundo imamangidwa tsiku litadutsa kale, siimanga tsiku, imangolikumbukira. Mawu anga ankamveka ofooka ngakhale m'makutu mwanga.

“Ndiye mwavomera kuti amamanga,” wina anatero.

Anamukoka mkazi wanga kumutulutsa m'chigafa n'kumugwadiza pabwalo. Anamuponyera chingwe.

“Masulani, mayi. Zonse. Tikuonerera.”

Iye anandiyang'ana. Ndinamugwedezera mutu kuti achite, poganiza kuti akamasula apita. Amuna awiri anali atandigwira mikono. Khonje likamangidwa n'kuuma silimasuka wamba, ndipo zala zake zinali zomata ndi phula la fodya. Ankakanda ndi zikhadabo, zikakanika ankaluma ndi mano. Mfundo iliyonse ikamasuka anthu ankayang'ana kumwamba. Mitambo inali ikuyandikira, yakuda kuposa masiku onse, ndipo kunkamveka fungo la dothi lonyowa lochokera kwina kumene inali ikugwa. Ndikuulula kuti ndinapemphera pemphero limene sindinapempherepo: ndinapempha Mulungu kuti agwetse mvula nthawi yomweyo, ngakhale zikanatsimikizira bodza, bola mkazi wanga atsale wamoyo.

Anamasula yomaliza milomo ikutuluka magazi. Anatambasula chingwecho pansi. Tonse tinadikira. Dontho limodzi linagwa pa dzanja la munthu wina ndipo anakuwa. Kenako mphepo ija inabwera, inanyamula fumbi ndi zinyalala, inagwedeza fodya m'chigafa, ndipo tikuona ndi maso mitambo inang'ambika pakati n'kuyamba kubwerera ku Zambia. Dzuwa linatulukanso.

“Wabisa china!”

Sindikudziwa amene anayamba. Ndinangoona mkangala, mtengo umene timapachikira fodya, ukutsika pamsana pake. Ena anathamangira m'chigafa kukasolola mikangala ina, fodya wathu akugwera pansi n'kumapondedwa. Ankamenya mosinthana, wina akatopa wina n'kulowa. Ankamufunsa kuti wabisa kuti, iye n'kumangoti, “Palibe, palibe, abale anga.” Anayesa kukwawira kumene ndinali. Wina anamukoka mwendo. Chitenje chake chinamasuka ndipo anayesa kuchigwira ndi dzanja limodzi, lina ataphimba kumutu. Dzanja lophimba kumutulo ndi limene linathyoka loyamba. Ndinamva kulira kwa fupa.

Ndinaluma mmodzi mwa ondigwira, ine amene sindinamenyepo munthu chibadwire. Atandisiya ndinadziponya pamwamba pa mkazi wanga. Mikangala inagwera pa ine, pamsana, m'nthiti, pakhutu. Ndinkatchula maina awo mmodzimmodzi, maina a ubatizo, poganiza kuti munthu akamva dzina lake amadzidzimuka. Ena anabwereradi m'mbuyo. Koma mwana wa mlongo wanga anandigwira kolala n'kundigubuduza ngati thumba.

“Amalume, akudyetsani mankhwala inu! Simukuona?”

Nditagwera chagada ndinaona chidutswa cha njerwa chili m'manja mwa bambo wina amene tinkakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Anachikweza ndi manja awiri. Chinamupeza mkazi wanga pamwamba pa khutu lakumanzere. Miyendo yake inawongoka, n'kukhala zii.

Nthawi yomweyo chigafa chinali chitayamba kuyaka, wina atachiyatsa. Udzu wa padenga unali wouma ngati pepala, moto unathamanga kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, utsi wa fodya unatsamwitsa aliyense. Mlongo wanga anatulukira mu utsimo akukuwa, anavula chitenje chake chapamwamba n'kufunditsa mlamu wake, n'kutembenukira mwana wake.

“Ndimenyenso ine! Bwera, ndinakubala ndine, ndimenye!”

Anthu anayamba kuchoka, osathamanga, aliyense njira yake, osayang'anana. Mikangala anaisiya pabwalo.

Aphunzitsi aja ndiwo anabwera ndi ngolo yawo. Tinamugoneka pa matiresi, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono monga zimayendera, ine nditagwira mutu wake kuti usagunde matabwa. Pamsewu waukulu galimoto ya munthu wosamudziwa inaima n'kutitengera kuchipatala kuboma. Madokotala anachita zimene akanatha. Ineyo anandimanga nthiti n'kundiuza kuti ndigone, koma ndinakhala pampando pafupi ndi bedi lake. Apolisi anabwera ndipo ndinawapatsa maina onse amene ndinaona, kuyambira ndi la mwana wa mlongo wanga.

Masiku awiri sanatsegule maso. Pampandopo ndinaganiza zambiri za alimi a m'chigwa cha Megido. Aphunzitsi anandiuza za mafumu ndi magaleta, koma za mwini munda sananene, ndipo ndikhulupirira palibe anazilemba. Analipo ndithu munthu amene anafesa tirigu wake bwinobwino, m'mawa wina n'kuona fumbi kumsewu. Pofika madzulo nyumba yake ndi phulusa, mkazi wake ali gone pabwalo. Maiko ena onse anadzuka m'mawa mwake n'kupita kuminda. Amene anasankha dzina la mudzi umenewo kuti litchule mapeto a zonse ayenera kuti ankadziwa kuti anthu amamva za kutha kwa dziko pokhapokha ukawatchulira malo amene munthu angathe kuloza ndi chala. Za tsiku lomaliza lenileni sindidziwa kanthu, ndi za Mwini wake. Ndimangodziwa kukula kwa bwalo limene dziko langa linathera: mapazi khumi ndi awiri kuchokera pachigafa kufika pankhokwe.

Tsiku lachitatu masana mvula inagwa. Inayamba ndi madontho akuluakulu pamalata, kenako inakhuthuka mpaka anamwino ankalankhulana mokuwa. Odwala amene ankatha kuyenda anapita pamawindo. Ndinamva zala zake zikugwedezeka m'dzanja langa.

“Abambo, imeneyo ndi mvula?”

“Ndi mvula, amayi.”

“Yambiri?”

“Yambiri zedi.”

Anayang'ana kudenga.

“Ndiye anena kuti ndinali nayodi,” anatero.

Ndinamuuza kuti asaganize zimenezo. Anandifunsa ngati ana afika, ndinati ali m'njira. Anapempha madzi, ndinamunyowetsa milomo ndi kansalu. Anamwalira dzuwa lisanalowe, mvula ikugwabe, ana athu ali pa minibasi.

Ananena zoona. Pamene tinkalowa m'mudzi ndi bokosi, chimanga chinali chitatambasula masamba, ndipo anthu anali m'minda kubandira. Anasiya makasu n'kubwera kumaliro monga mwa mwambo. Apolisi anali atatenga amuna anayi, wanjerwa uja ali pomwepo. Mwana wa mlongo wanga anali atawoloka malire usiku wa tsiku lomwe lija. Otsalawo anatema nkhuni, anatunga madzi, anaimba nyimbo. Mwana wanga wamkulu anamva ndi makutu ake mayi wina kuseri kwa khitchini akunong'oneza mnzake kuti, “Zachisoni ndithu, koma taonani, yagwa.”

M'mawa wa tsiku loika, alongo ake atatu a mkazi wanga anafika kuchokera ku Mkanda pa thirakitala yokoka ngolo, yodzaza matenanti anzawo. Sanalowe m'siwa. Anaima kumene kunali chigafa, akuyang'ana phulusa. M'majekete mwawo munkaoneka zigwiriro za zikwanje, ndipo pansi pa mpando wa dalaivala panali zigubu ziwiri za petulo. Wamkulu anandiitanira pambali.

“Alamu, ife sitikufuna kukuvutitsani. Inu musanene kanthu. Tikamachokera kumanda muzingoyenda, nyumba iliyonse ya amene anagwira mtengo muziima pang'ono ngati mukukonza nsapato. Zotsalazo n'zathu.”

“M'nyumbazo muli ana, alamu.”

“Mlongo wathu analibe ana?”

Ndinadziwa nyumba zonse, ndipo miyendo yanga inkafuna kuima pa iliyonse. Amuna a m'mudzi nawonso anali ataona zikwanjezo. Ndinaona ena akuzemba mmodzimmodzi kupita kwawo, pobwerera akuyenda mowuma mwendo ngati munthu wobisa chitsulo m'buluku. Adzukulu amene anakumba manda anaima ndi makasu awo m'manja osawaika pansi. Awiri mwa iwo ndinawaona ndi mikangala tsiku lija.

Kwathu mwamuna wofedwa salankhula pamanda. Amakhala pansi, ena amamulankhulira. Koma bokosi litatsika, abusa asanatseke mwambo, ndinaimirira nditagwira nthiti. Anthu anang'ung'udza, wina anandikoka shati kuti ndikhale. Ndinati maina ndinapereka kale kuboma, ndipo ndikaitanidwa kukhoti ndidzawatchulanso osasiya ngakhale limodzi, la m'bale wanga lomwe. Ndinati mkazi wanga sanamange mvula, ankangoiyeza, ndipo aliyense wonena zina adzanene pamaso panga. Kenako ndinati palibe nyumba imene ipse m'dzina lake, chifukwa mwini mlandu ndine ndipo ndawakhululukira.

Mlamu wanga wamkulu analavula pansi.

“Mwakhululuka ndi mlongo wa eni ake,” anatero.

Anakwera thirakitala yawo osadya, osatsanzika. Mpaka anamwalira sanandilankhulenso, ndipo sindimuimba mlandu.

Mawu amene ndinanena pamandapo anatuluka pakamwa pokha. Mtima unali usanavomere. Kwa nthawi yaitali ndinkasintha njira ndikaona ena mwa anthu aja, ndipo chaka chathunthu sindinadye mgonero, chifukwa ndinkadziwa chimene chinali mkati mwanga. Kukhoti ndinapita, ndinanena zonse, anayi aja anamangidwa. Mwana wa mlongo wanga anabwerera patapita zaka zinayi, wowonda, akutsokomola. Amayi ake anabwera naye kwa ine m'mawa wina asanapite naye kupolisi. Anakhala pansi patali, mutu uli pakati pa mawondo.

“Amalume, ndinalakwa. Sindigona.”

Ndinadikira.

“Komatu amalume,” anatero motsitsa mawu, akulira, “mvula ija inagwa.”

Amayi ake anamumenya khofi. Ine ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti sakunditonza. Ankandipempha kuti ndimusiyire kachidutswa kameneko, chifukwa popanda iko sakanatha kunyamula chimene anachita. Sindinamusiyire. Ndinamuuza kuti inagwa chifukwa nthawi yake inakwana, ndipo munthu amene anamupha anali wosalakwa. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga jekete langa lakale n'kumupatsa, chifukwa kumene ankapita kumazizira. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Iyeyo, wanjerwa uja, mayi amene analoza chingwe, ndi onse amene anaima pabwalo langa tsiku limenelo, ndinawakhululukira.